Fumbi la M'nthenga

"Gwirani wayayu, bambo inu, osati chiuno. Chiunocho sichigwa!"

Make mapasa anali ataluma misomali itatu, moti mawuwo anatuluka opindikapindika, koma mwamuna wake anawamva. Anasendera kukhola n'kugwira waya ndi zala ziwiri, ngati munthu wogwira thewera la mwana wa eni.

"Ndinati ndikonza mawa," anatero.

"Munatero dzana, munatero dzulo. Amene anakutchani a Mawa sanakulakwireni. Galu wa kuseriku walowa kawiri pabowo lomweli, inu muli mawa, mawa. Zengerezu analinda kwawukwawu. Kokani!"

Make mapasa anakhoma msomali woyamba, wachiwiri n'kuphonya, hamala n'kutera pachala. Analavula msomali wotsalawo n'kuyamwa chalacho. Ululu unamukumbutsa mlandu wina.

"Nanga misoti isanu ya achemwali anu ija ibwerera liti? Mwezi watha ikudya madeya anga."

"Achemwali anati tisunge. Ndi mphatso."

"Mphatso! Alamu anga omwe aja, amene akamakupatsa mchere amayamba awerenga timibulu? Munaibwereka kuti alangizi akabwera kudzayendera makola apeze nkhuku zambiri. Anabwera, anaona, anapita. Ikudikiranso chiyani?"

"Chibale ndi fupa, mayi, sichiwola."

"Fupa lomwelo limatsamwitsa."

Pomwepo kuchipata kunamveka mapazi. Anali Telala, mayi wamasiye wosoka zovala pakhonde la golosale, mnzake wa Make mapasa m'gulu la amayi oweta nkhuku. Ankathamanga, tepi yoyezera ikuuluka m'khosi, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja.

"Make mapasa! Tayani hamalayo! Mwawina!"

"Pumani kaye, mungandifere pakhomo. Ndawina chiyani?"

"Khola lanu! Alangizi aimbira foni alembi a gulu. Pa makola onse khumi ndi awiri asankha lanu. Makina oswetsa mazira aja, oyendera dzuwa aja, akubwera kuno, pakhomo pano! Inu ndiye mlimi wachitsanzo. Chanu n'kupereka misoti iwiriiwiri kwa amayi asanu ndi mmodzi amene makola awo ndi operewera, basi. Ndipo woyamba pamndandanda ndine! Lachisanu la sabata yachitatu kubwera akuluakulu pagalimoto, ndi wojambula zithunzi yemwe!"

Make mapasa sanali munthu wa nthungululu. Mapasa, madzi, nkhuni ndi zitosi za nkhuku zinamuphwetsa mpweya kalekale. Koma tsiku limenelo inangotuluka yokha, yaitali, mpaka atambala anayankha. Anagwira Telala m'chiuno, awiriwo n'kuzungulirazungulira pabwalo, hamala ili m'mwamba, nkhuku zikubalalika.

"Mazira sikisite nthawi imodzi!" anakuwa Telala.

"Popanda kupembedza thadzi kuti lifungatire!"

"Popanda khwangwala kuwerenga nawo anapiye!"

"Tawina!" anatero a Mawa, n'kusiya waya uja. Wayayo anabwerera mwamphamvu n'kutsegula bowo kuposa kale. "Mwaiona nzeru ya misoti yobwereka? Mukanawina ndi khola lapakatikati?"

"Mwawina inu ndi ndani? Chomwera munachitsukapo?"

Koma anafunsa akuseka. Bowolo analitseka ndi chidutswa cha lata ndi mwala, n'kukatereka madzi a tiyi masanasana, chinthu chimene sanachitepo chaka chonsecho.

Sabata yoyamba inatha ngati tsiku limodzi. A Mawa anasanduka munthu wina. Anapaka khola laimu, anasema chikwangwani, anakabwereka jekete kwa aphunzitsi. Telala anamuyeza Make mapasa diresi yobiriwira, akuti pachithunzi imaoneka bwino pakati pa nkhuku zofiira. Anthu amene kale ankangomudutsa panjira anayamba kumupatsa moni wa manja awiri. Iye ankayenda akukonza zinthu m'mutu: pamene makina adzakhale, tsiku limene anapiye oyamba adzaswe, mbali imene adzamange khola lachiwiri. Kawiri konse anadzipeza akuimba pochapa, n'kucheuka kuona ngati wina wamumva.

Lolemba m'mawa atatsegula khola, nkhuku zonse zinathamangira madeya kupatula imodzi. Unali msoti wake wofiira wa miyezi inayi, umene ankaunyadira kuposa yonse. Unakhala pautuchi, mwendo wina utaloza kutsogolo, wina kumbuyo, ngati anthu awiri aulimbirana. Anaunyamula n'kuupapasa. Panalibe bala, panalibe fupa lothyoka. Atauikira madeya pafupi unadya ndi mtima wonse. Atauimika unagwa.

"Wapondedwa ndi tambala," anatero a Mawa. "Uchira."

Sunachire. Lachitatu inali iwiri. Lachisanu wachitatu unayamba kukoka phiko pansi, ndipo umenewu unali umodzi mwa isanu ya alamu ija. Atauyang'anitsitsa anaona kuti diso limodzi linali lotuwa ngati phulusa. Anakumbuka kuti disolo analiona tsiku lomwe unafika, iye n'kuganiza kuti ndi chibadwa.

Anatenga malaya akale a mwamuna wake, n'kuboola mabowo awiri a miyendo ndi lina lakumchira, n'kuwamanga pakamwa pa katoni ngati kamlatho. Pamenepo anakhazikapo msoti wofiira, miyendo ikulendewera m'kati, kuti usagonere zitosi zake kapena kupondedwa ndi anzake. Kutsogolo anamangirira tizitini tiwiri, kamadzi ndi kachakudya. Inayo anaichitanso chimodzimodzi, mpaka malaya akale anatha n'kuyamba mathalauza. Katatu patsiku ankaisisita miyendo ndi madzi ofunda, akuikalipira ngati ana ochedwa kusukulu.

"Dzuka iwe! Usandichititse manyazi. Kwatsala sabata imodzi."

Loweruka anaika msoti wa diso lotuwa m'dengu n'kupita nawo kusitolo ya mankhwala a ziweto. Wogulitsa, bambo wachikulire wa magalasi okhuthala amene anagwirapo ntchito kufamu ya nkhuku, sanalole kuti alowe nawo.

"Tiuonere panja pano, mayi. M'katimu mumalowa alimi ambiri."

Anautambasula phiko, anautsina zala, anauyang'ana diso nthawi yaitali.

"Ndi chitopa?" anafunsa Make mapasa.

"Chitopa chikanakhala chitasesa kale khola lonse. Awa ndi matenda otchedwa Mareki. Kuti titsimikize pamafunika kung'amba yakufa n'kuona mitsempha ndi zotupa za m'kati, koma miyendo yotereyi ndi diso ili ndaziona kambirimbiri."

"Ndipatseni mankhwala ake. Amphamvu. Lachisanu ziyenera kuima."

"Mayi, ndikanakhala wakuba ndikanakugulitsani botolo lililonse pashelefu apo. Mankhwala ake kulibe. Kuli katemera yekha, ndipo amabaya mwanapiye tsiku lomwe waswedwa. Akakula, mwachedwa."

"Ndiye ndipatula zodwalazi. Zinazo zili bwino."

"Zikuoneka bwino. Matendawa amayenda m'fumbi la m'nthenga. Nkhuku ikakupiza mapiko kapena kudzikanda, kafumbi koyera kaja kamauluka, inzake n'kupuma. Zanu zonse zapuma kale. Zina zidzapuwala, zina sizidzadwala n'komwe, koma zidzanyamula mpaka kufa, n'kumapatsira zina. Amakonda misoti ndi tiana. Munthu samugwira, mazira idyani ndithu, m'kati mwa dzira salowamo. Koma pakhomo panu nkhuku yamoyo isatuluke, ina isalowe. Zodwalazo zisamaleni monga mukuchitiramu. Imene yasiya kudya musaizunze, ipheni n'kuikwirira mozama."

Make mapasa anakhala pasitepe ya sitoloyo, dengu lili pakati pa miyendo.

"Lachisanu ndikupereka misoti khumi ndi iwiri."

"Kwa anthu angati?"

"Asanu ndi mmodzi."

"Ndiye makomo asanu ndi limodzi," anatero bamboyo, n'kukasamba m'manja ndi sopo.

A Mawa atamva nkhaniyo anavula chipewa n'kuchivalanso.

"Musauze munthu. Ndikaitane achemwali, iwo nkhuku amazidziwa."

"Kaitaneni. Inenso ndikuwafuna."

Alamu anafika Lamulungu masana, kachikwama pamkono. Ataona makatoni atatu atandandalikidwa mumthunzi, uliwonse uli ndi mutu wa nkhuku pamwamba, anaseka mpaka kugwira chipupa.

"Alamu, mwatsegula chipatala? Nkhuku pampando ngati mabwana! Mwaziphikira phala?"

"Khalani pansi, alamu. Kwanu nkhuku zili bwanji?"

"Zinatha. Ndinagulitsa."

"Zonse? Inu amene simupha nkhuku ngakhale mlendo atachokera kutali?"

"Zinayamba ulesi wa miyendo. Ndinaona kuti zingandithere m'manja."

"Zinayamba liti?"

Alamu anayang'ana mlongo wawo. A Mawa anayang'ana chikwangwani chawo.

"Ndafunsa kuti zinayamba liti."

"Aaa, mwina masabata awiri achimwene asanabwere kudzabwereka. Koma zimene ndinawapatsa zinkayenda bwinobwino! Afunseni. Zinkathamanga, mpaka anagwa pozigwira."

"Ndipo munati tisabweze."

"Nanga ndikanaziika pati? Khola ndinaphwasula."

"Ndiye kuti munadziwa. Munaona zanu zikugwa imodziimodzi, mlongo wanu atatulukira ndi dengu inu n'kuti Mulungu wayankha."

"Musandiweruze, alamu. Ndani sachita? Nkhuku zikayamba kugwa aliyense amathamangira kumsika zisanathe. Inenso tambala amene anandibweretsera tsokali ndinachita kugula, mwini wake akulumbira kuti ndi wamoyo. Ndikanatani? Ndilire ndekha? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Ndiye munaona kuti misozi imakoma pogawana."

"Amayi inu, amayi inu," analowerera a Mawa, manja ali m'mwamba. "Madzi akatayika saoleka. Tiyeni tione za Lachisanu."

Alamu anasendeza mpando, n'kutsitsa mawu.

"Za Lachisanu n'zosavuta. Zopuwalazi zitsekereni m'bafa, muikemo wailesi. Sankhani misoti khumi ndi iwiri yonenepa, mupereke, mujambulitse, makina alowe m'nyumba. Ikakadwala uko, papita mwezi. Adzati ndi mphepo, adzati ndi diso la anansi. Ndani adzaloze kuno? Nkhuku zimafa, alamu. Ndiyo ntchito yake."

"Woyamba kulandira ndi Telala. Ali ndi tianapiye tisanu ndi tiwiri, ndi tomwe ali nato."

"Telala ndi m'bale wanu? Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Zaka zonsezi mukukokolola zitosi, lero mwayi wagogoda, inu mukufuna kuutsekera chitseko chifukwa cha fumbi? Fumbi limene munthu sangalione n'komwe?"

"Mayi, taganizirani mapasa," anatero a Mawa mofatsa. "Makina ngati amenewa sabwera kawiri. Komanso ndauza kale anthu onse. Jekete ndabwereka."

"Walira mvula walira matope, bambo."

"Matopewo tiponda limodzi. Koma mvula igwe kaye."

Chimene chinamukwiyitsa kwambiri Make mapasa n'chakuti mawu a alamuwo anapeza pokhala mumtima mwake. Makinawo ankawafuna ngati madzi m'chilimwe. Anatopa ndi kudikira thadzi limodzi masabata atatu kuti limupatse anapiye asanu ndi atatu, khwangwala n'kutengapo atatu. Ndipo wa magalasi uja ananena yekha kuti zina sizidwala n'komwe. Mwina za Telala zikhala m'gulu limenelo. Mwina bamboyo anakokomeza, anthu a m'masitolo amakonda kuopseza. Lachiwiri msoti wachinayi unagwa. Lachinayi dzuwa likupendeka, ananyamula yekha makatoni anayi kukawaika m'bafa. Palibe anamutuma.

Lachisanu kunacha bwino. Pofika teni koloko pabwalo panalibe poponda. Amayi a gulu anakhala pamabenchi obwereka, madengu ali pamiyendo. Alamu anali kuchipata, akulandira alendo ngati pakhomo ndi pawo. Galimoto itaima, amuna awiri anatsitsa makina n'kuwaika patebulo. Anali oyera, a kawindo kagalasi, m'kati muli timizere toikamo mazira.

"Timatembenuka tokha," anatero mmodzi wa amunawo.

"Eeee!" anatero amayi onse pamodzi.

"Ndiye thadzi lizigwira ntchito yanji?" anafunsa wina, anthu n'kufa nacho chiseko.

Make mapasa, ali mu diresi yake yobiriwira, anawakhudza ndi nsonga za zala. Anali osalala, ozizira. Anaona kale timitu tachikasu tikusuzumira pakawindopo, sikisite, tonse take. Kubafa wailesi inkaimba mokweza.

Mlangizi, mayi wamfupi wa chipewa chachikulu, analankhula mwachidule. Mkulu wochokera ku ofesi analankhula motalika, a Mawa akuwomba m'manja paliponse pamene mkuluyo wapumira. Kenako mlangizi anatsegula pepala.

"Woyamba abwere!"

Telala anabwera akuvina. Dengu lake anali atalisokera nsalu m'kati, tizidutswa totsala pa madiresi a anthu, tofiira, tachikasu, tamaluwa. Analikweza kuti onse aone.

"Taonani bedi la alendo anga! Malo ndakonza kale. Akagona limodzi ndi tianapiye tanga, akatiphunzitse ulemu."

Anthu anawomba m'manja. A Mawa analowa m'khola atakwinya manja a jekete, n'kutuluka ndi msoti wakuda, wonenepa, wa maso owala, n'kumupatsira mkazi wake. Wojambula anagwada bondo limodzi.

"Kwezani pang'ono, mayi! Cha kudzuwa uko! Mwetulirani!"

Anaukweza. Msotiwo unadzidzimuka n'kukupiza mapiko, pha pha pha! Ndipo padzuwa pamenepo Make mapasa anakaona. Kafumbi koyera, kosalala ngati ufa, kakutuluka m'nthenga, kakuyandama pang'onopang'ono, kakutera pansalu za m'dengu, pamanja a Telala, patepi ya m'khosi mwake. Alamu anati munthu sangalione. Linkaoneka bwinobwino.

"Perekani, mayi," anatero wojambula.

"Perekani," ananong'ona a Mawa.

Anaubweza pachifuwa.

"Telala, chotsani dengulo. Bwererani m'mbuyo."

"Mwatani, anzanga?"

"Ndati bwererani! Ndipo mukafika kwanu musayandikire anapiye musanasambe ndi kusintha zovala. Nonsenu. Nkhukuzi sizituluka pano."

Pabwalo panangoti zii. Wailesi yokha ndi imene sinamve.

"Akuseka!" anakuwa alamu kuchokera kuchipata. "Alamu angawa nthabwala!"

Make mapasa anabwezera msoti m'khola. Anapita kubafa, anazimitsa wailesi, n'kubwera atanyamula katoni. Anaiika pansi, kutali ndi tebulo la makina. Msoti wofiira unali pamalaya a mwamuna wake, miyendo ikulendewera, ukujompha m'kachitini ngati palibe chachitika.

"Zilipo zinayi zotere. Akuti ndi Mareki, mankhwala ake kulibe. Zoyendazo nazonso zanyamula. Ndadziwa kuyambira Loweruka, ndipo ndinazibisa m'bafa ndi manja angawa. Ndatha. Wofuna kunditukwana ayambe, ndili ndi ntchito."

Mlangizi anavula chipewa, n'kugwada pakatoniyo. Anautulutsa msotiwo, anauika pansi, unatambasula miyendo, wina kutsogolo wina kumbuyo. Anaubwezera mosamala, n'kutembenukira kwa amuna awiri aja.

"Bwezerani makinawo m'galimoto. Msanga. Mutseke."

Chitseko cha galimoto chinati phwa.

"Miyezi iwiri yapitayi mwalowetsapo nkhuku zachilendo?" anafunsa mlangizi.

Make mapasa anayang'ana mwamuna wake, n'kumusiya kuti ayankhe yekha. Jekete ija inaoneka ngati yawakulira a Mawa mwadzidzidzi.

"Ndinabwereka zisanu. Kuti khola lioneke lodzaza inu mukabwera."

"Kwa ndani?"

"Kwa achemwali."

Kumabenchi mayi wina, mkazi wa wapachigayo, anaimirira, dengu n'kugubuduka.

"Achemwali ake ati? Awa? Ine ndinagula misoti itatu kwa awa mwezi watha! Dzulo wina wayamba kukoka mwendo, ine kumati wapondedwa ndi mbuzi!"

"Inenso tambala!" anakuwa wina kumbuyo. "Anati akuchepetsa chifukwa madeya akuvuta!"

"Zinkayenda!" anatero alamu. "Pogula munaziona nokha zikuyenda! Ine ndine dotolo?"

"Nanga khola munaphwasuliranji?"

"Ndipo munkatisekerera mumsika!"

Mabenchi anagwa. Alamu anafunafuna chipata, n'kupeza amayi atatu atachitseka ndi matupi awo. Mkulu wa ku ofesi anayang'ana wotchi. Wojambula anafunsa ngati apitirize, palibe anamuyankha. Mlangizi anakwera pabenchi kuti aoneke.

"Pano sakumenyedwa munthu! Aliyense amene anagula nkhuku kwa mayiwa abwere ndimulembe. Inu mayi, mutiuze nonse amene munawagulitsa, musasiye ndi mmodzi yemwe. Lero lomwe tiyendera makomo onsewo. Ndipo kuyambira lero, khola likayamba kudwala, mwini wake azibwera kwa ine, osati kumsika!"

Paphokoso lonselo Telala anaima pomwe paja, dengu lili m'manja. Make mapasa atamuyandikira, anabwerera phazi limodzi.

"Mukanandipatsa," anatero chapansipansi.

"Ndikanakupatsani. Kunatsala pang'ono."

"Ine kukusokerani diresi, inu mukudziwa."

"Ndikudziwa."

Telala anaika dengu pansi.

"Litsale. Lili ndi fumbi lanu."

Anatuluka osatsanzika. Make mapasa anamuyang'ana mpaka anakhota kuseri kwa mpanda, kenako anakavula diresi yobiriwira, n'kuvala yake yakale, n'kukatulutsa makatoni atatu otsala aja m'bafa. Madzi m'tizitini anali atatha.

Mlangizi anabweranso Lolemba, ndipo anaima kunja kwa mpanda. Makomo anayi anapezeka ndi matendawo. Makina apita kwa Telala, anatero, chifukwa kwake n'kutali ndi makola odwala ndipo tianapiye take tinali bwino. Udindo wa mlimi wachitsanzo wapitanso komweko. Anapiye onse oswedwa m'makinamo azibayidwa katemera tsiku loyamba.

"Mwandikwiyitsa pobisa, mayi," anamaliza motero. "Koma mukanapereka, lero tikanakhala tikuwerenga makomo khumi."

"Musanditamande, alangizi. Ndilibe poziika."

Alamu anatumiza mawu akuti pakhomopo sadzapondanso, Make mapasa n'kuyankha kuti auzidwe zikomo. Lachitatu msoti wa diso lotuwa unasiya kudya. A Mawa anabweza jekete kwa aphunzitsi, anabwera n'kutenga khasu osauzidwa, n'kupita nawo kuseri kwa nthochi. Anakumba mpaka dzenje linawafika m'chiuno.

Lachinayi m'mawa Make mapasa anachotsa lata ndi mwala pabowo paja. Anaganiza zotseka bowolo n'kupitiriza wayayo kudula khola pakati, kuti zopuwala zikhale ndi mbali yawoyawo, yamthunzi. Anali atakhoma misomali inayi pamene anamva mapazi kuchipata.

"Make mapasa!"

Anali Telala, thireyi ya mazira yopanda kanthu ili m'manja.

"Imani pomwepo! Musalowe!"

"Ndani wati ndikulowa? Ndili ndi nzeru. Tamverani, ayaka! Makina ayaka! Akung'ung'udza ngati mphaka wokhuta. Timizere tija tikutembenukadi tokha, ndakhala ndikutiyang'ana mpaka ndasokera munthu thumba kumsana. Koma akufuna mazira sikisite, ife gulu lonse tasonkha khumi ndi anayi. Alangizi akuti m'dzira matendawa salowamo, bola mupukute bwino. Mathadzi anu akuikira?"

"Akuikira ngati sanamve kanthu."

"Ndiye mukudikira chiyani? Anapiye akabayidwa n'kukhwima masabata angapo, anu mudzatenga. Thamangani!"

Make mapasa anaponya hamala pansi. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anasintha nsalu, n'kutulutsa mbale ya mazira. Anawapukuta limodzilimodzi ndi kansalu kouma koyera, n'kumawapereka pamwamba pa mpanda. Telala ankawalandira ndi manja awiri, n'kumawaika nsonga pansi.

"Ili ndi la thadzi lamawanga lija?"

"Lomwelo. Ana ake sachedwa kukula."

"Eee, ndiye tilemera ndi nthenga! Makumi awiri ndi atatu, makumi awiri ndi anayi. Koma musaganize kuti ndakukhululukirani."

"Sindinapemphe. Gwirani bwino thireyiyo, ikupendama."

"Loweruka ndibweranso. Muwasunge pozizira."

"Mukundiphunzitsa mazira inu, wa singano?"

Telala anaseka, n'kunyamuka pang'onopang'ono, thireyi ili patsogolo ngati wanyamula madzi odzaza. Make mapasa anamukuwira kuti ayang'ane pansi, pali muzu. Kenako anabwerera kukhola. Msoti wofiira unali utagwetsa kachitini ka madzi, ukumuyang'ana ngati wolakwa ndi iyeyo.

"Dikira nawe, ndili ndi manja awiri okha."

Anatola hamala, analuma misomali itatu, n'kukanikiza waya ndi bondo. Wayayo anali asanafike ndi pakati pomwe, ndipo dzuwa linali litayamba kale kuwotcha pamsana.